Losavuta kwa Maso Kapena kwa Khutu? Za Baibulo la M'Chichewa cha Lero

Funso lakuti "Baibulo losavuta kuwerenga m'Chichewa ndi liti?" limamveka ngati la pamsika: tchulani dzina, ndikagule, basi. Amene amafunsa kawirikawiri ndi achinyamata okulira m'tauni, kapena makolo ofuna buku loti mwana wa Sitandade 6 aziwerenga yekha osaima pa mzere uliwonse. Mayina oti tiwatchule alipo, ndipo si ambiri. Koma kwa ife ophunzira chiyankhulo, liwu lofunika kuliyang'anitsitsa m'funsoli ndi lakuti "losavuta". Kodi chimene chimam'vuta munthu akatsegula Buku Lopatulika n'chiyani kwenikweni? Ine ndikuona kuti ambiri timaloza pamene sipali bala, ndipo mankhwala timapakanso pomwepo.

Tiyeni tiwaike kaye pamphasa mabuku amene tikukambawa. Buku Lopatulika lidatuluka lathunthu mu 1922. Ntchito yaikulu adaigwira William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed ya ku Mvera ndi ku Nkhoma, mothandizana ndi Alexander Hetherwick wa ku Blantyre komanso aphunzitsi a kuno kwathu. Cholinga chawo chinali buku limodzi loti ligwire ntchito kwa Amang'anja a kumwera ndi Achewa a pakati pomwe, motero chiyankhulo chake adachisakaniza mwadala. Mfundo imeneyi muisunge: Chinyanja cha m'bukuli sichidakhalepo chiyankhulo cha mudzi wina uliwonse, ngakhale mu 1922 momwemo. Akatolika adatulutsa lawo, Malembo Oyera, mu 1966. Buku Loyera lidabwera mu 1998 kudzera ku Bible Society of Malawi, Akatolika ndi Aprotestanti atagwirira ntchito limodzi, ndipo njira yake inali yomasulira ganizo osati liwu ndi liwu. Pambuyo pake bungwe la Biblica, lomwe limasindikizanso Baibulo lachingerezi la NIV, lidatulutsa Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero, lathunthu mu 2016. A Mboni za Yehova nawonso ali ndi lawo, Baibulo la Dziko Latsopano. Kwa munthu wofuna buku losavuta, mpikisano weniweni uli pakati pa Buku Loyera ndi Chichewa Chalero, pomwe Buku Lopatulika ndiye mkulu amene onsewa akuyesa kumulowa m'malo koma sakusuntha pampando.

Mukafunsa wachinyamata chimene chimam'tayitsa mtima m'Buku Lopatulika, amayamba ndi kalembedwe: "cifukwa", "cace", "mkuru", "kuturuka". N'zoona, maso ozolowera malamulo a kusukulu amadodoma. Koma vuto limeneli ndi la sabata imodzi. Mukangodziwa kuti c ndi ch, lathapo. Anzathu a ku Zambia mpaka lero amalemba "Cinyanja", ndiye kwa iwo chimene ife timachitcha chakalechi ndi kalembedwe wamba. Komanso makope aposachedwa a Buku Lopatulika adakonza kale zimenezi. Kodi owerenga adasiya kupunthwa? Ayi. Ndiye kuti chitsa chili pena.

Ena amati chitsacho ndi mawu achilendo ndi akale: "kenturiyo", "likasa", "mastadiya", "rupiya". Mawu amenewa ine sindiwaopa kwenikweni, chifukwa ndi oona mtima. Amakuimitsa, iwe n'kudziwa kuti pano sindinamve, n'kukafunsa. Liwu la rupiya ndi losangalatsanso kwa wokonda mbiri. Ndalama ya ku India imeneyi inkayenda kuno m'zaka zoyamba za ulamuliro wa atsamunda, ndipo omasulira adaitenga kuti iimire ndalama ya Aroma imene munthu waganyu ankalandira pa tsiku. Pa nthawi yake kumeneko kudali kumasulira kwamakono zedi. Lero kwasanduka chinthu chofuna mtanthauziramawu. Aliyense wolemba "chalero" pachikuto cha buku lake ayenera kuikumbukira rupiya.

Mawu oopsa ndi amene umayesa kuti wawamva. Tengani "kazembe". M'Buku Lopatulika Pilato ndi kazembe. M'Chichewa cha pawailesi lero kazembe ndi munthu woimira dziko lake kunja, wopereka makalata kwa mtsogoleri wa dziko n'kumayankhula pa zikondwerero. Munthu wotere angagamule bwanji kuti wina apachikidwe? Wowerenga saima, chifukwa liwulo akulidziwa, koma chithunzi chimene chili m'mutu mwake si chimenecho. Mabuku atsopano amati bwanamkubwa, liwu limene nalonso lili ndi fungo la nthawi ya atsamunda, koma mphamvu za woweruza zimamveka.

Tengani mneni "kuyesa". Pa Aroma 5:1, pamene Paulo akukamba za momwe Mulungu amamuonera munthu wokhulupirira, Buku Lopatulika lidagwiritsa ntchito "kuyesedwa" m'tanthauzo la kuwerengedwa kapena kuonedwa ngati. Tanthauzo limeneli silidafe ayi; tikamati "ndimayesa ndi achimwene" ndi lomweli. Koma m'kapangidwe ka "kuyesedwa", khutu la lero limamva mayeso a kusukulu kapena mayesero a Satana, ndipo pajatu buku lomweli limagwiritsa ntchito mneni yemweyu pa nkhani ya Yesu m'chipululu. Ndime imene cholinga chake n'kum'masula munthu imatha kumveka ngati ikunena kuti adutse kaye pa mayeso. Apa si nkhani ya kukoma kwa chiyankhulo chabe. Chiphunzitso chenichenicho chatembenuzika.

Nanga maola? Marko 15:33 imanena za mdima umene udagwa kuyambira ora lachisanu ndi chimodzi. Ayuda ankawerenga maola kuyambira potuluka dzuwa, ndiye ora limeneli ndi 12 koloko masana, dzuwa lili paliwombo. Mmalawi akamva lachisanu ndi chimodzi amaganiza za 6 koloko. Tsono mdima wa 6 koloko madzulo kwathu kuno n'chodabwitsa ngati? Umagwa tsiku ndi tsiku. Chozizwitsa chonse chimathera m'masamu.

Pali ena amene sadachite kukalamba, adabadwa opunduka. Pa Luka 1:69 pali fanizo lachihebri la nyanga, kutanthauza mphamvu, monga za ng'ombe yamphongo. Omasulira a 1922 adalisiya momwemo. Koma nyanga kwa Mchewa, makamaka ikakhala m'nyumba ya munthu, tonse tikudziwa kuti n'chiyani, ndipo si chinthu choti wansembe aziyamika nacho Mulungu. Chimodzimodzi pa ukwati wa ku Kana, Yohane 2:4, pamene Yesu akuitana amayi ake ndi liwu limene m'Chigiriki silinali lachipongwe. Buku Lopatulika lidaika "mkazi". Tayesani kuwaitana choncho amayi anu muone ngati nsima ya madzulo muidye. Buku Loyera lidaika "mai", ndipo lidachita bwino, chifukwa kusunga liwu n'kutaya ulemu si kukhulupirika. Impso za m'Masalmo nazo n'chimodzimodzi: kwa Mhebri ndi malo a maganizo obisika, kwa ife ndi za kuchipatala kapena za pa chiwaya.

Komabe ngakhale mutakonza mawu onsewa limodzilimodzi, chitsa chachikulu chikhalapobe, ndicho kamangidwe ka chiganizo. Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse pang'ono.

Chihebri chimalumikiza zochitika ndi kachilembo kamodzi kamene kamabwerezedwa mosalekeza, ndipo Chigiriki cha Marko chimachitanso zofanana. Buku Lopatulika lidatsata m'mapazi, n'chifukwa chake mavesi ambirimbiri amayamba ndi "ndipo". M'Chichewa chenicheni mlumikizi ameneyu ali ndi kulemera kwake; wokamba nthano samuwaza ngati mchere. Amati "tsono", "kenaka", "pamenepo", "atatero", "basi", kapena sanena kanthu, n'kungosiya mneni agwire ntchito. Palinso kaphatikizo ka na- kolondoloza zochitika, monga titati mayi adanyamuka, napita kumsika, nagula ndiwo. Ndi Chichewa chabwino ndithu, koma pakamwa pa anthu ambiri lero pamatuluka "n'kupita", "n'kugula", kotero kuti na- wasanduka chizindikiro cha chiyankhulo cha paguwa. Mukamva munthu akupemphera ndi na- wambiri, dziwani buku limene adakulira.

Zimenezi zimangotopetsa. Zimene zimasokoneza ndi mayina opangidwa kuchokera ku aneni. Chigiriki cha Paulo chimakonda kuunjika mayina otere, limodzi pamwamba pa linzake, ndipo Aefeso 1:3-14 m'Chigiriki ndi chiganizo chimodzi. Chichewa ndi chiyankhulo cha aneni. Ife sitinena kuti "kufika kwa chidziwitso cha kutha kwa ufa kudadzetsa kukwiya kwa bambo". Timati "bambo atamva kuti ufa watha, adakwiya". Mawu onse a m'chiganizo choyambacho mukuwadziwa, palibe lakale ngakhale limodzi, kalembedwe kake n'kamakono, koma mwachita kubwereza kawiri kuti mudziwe wachita ndani, wachita chiyani. Makalata a Paulo m'Buku Lopatulika adadzaza ndi unyolo wotere wa "cha", "kwa" ndi "wa". Wowerenga ndi maso angathe kubwerera m'mbuyo. Womvera m'tchalitchi sangathe. Mawu akadutsa adutsa. Ndipo tisaiwale kuti anthu ambiri amakumana ndi Baibulo kudzera m'khutu, pa mapemphero, pamaliro, pa wailesi, osati pa tebulo lowerengera.

Tsono pa muyeso umenewu Buku Loyera ndiye lidagwira ntchito yozama kuposa onse. Limamasula unyolo uja, limabwezera mayina ku aneni, limadula ziganizo, limasonyeza wochita. Sizidachitike mwangozi. Mmodzi mwa alangizi a ntchitoyi, Ernst Wendland, amene wakhala zaka zambiri akuphunzitsa ku Lusaka, adachita kafukufuku wake wa digiri yaukachenjede pa nthano za pawailesi za Julius Chongo. Munthu amene wathera zaka akumvetsera momwe katswiri wa nthano amaikira mvekero ndi kupumira, sangalole chiganizo chimene mpweya umathera pakati. Werengani mokweza buku la Rute kapena nkhani za Yosefe m'Buku Loyera, mumva kuti lilime silikukodwa.

Nanga bwanji achinyamata ambiri akalitsegula samva kuti afika kwawo? Chifukwa kwa maso bukuli lili ndi minga yake. Limalemba ŵ wa kachipewa, amene mwana wa masiku ano amangomuona pa dzina la dziko, mwinanso osamuona n'komwe. Limafotokoza zakale ndi -da-, nthawi zina ndi -daa- wotalika. Kusiyanitsa kumeneku kuli ndi maziko m'Chichewa cha chigawo cha pakati, ndipo Dr Kamuzu Banda ankalimbikira kuti -da- ndiye woyenera pa zinthu zakale. Inenso m'nkhani ino ndikumugwiritsa ntchito, monga ambiri amene tidaphunzira kulemba Chichewa kusukulu. Koma pocheza, anthu ochuluka, makamaka kumwera ndi m'matauni, amati "anapita", ndipo "adaapita" amawamvekera ngati agogo. Onjezerani mawu ena akumudzi amene ndi okoma kwa wokulira ku Dedza kapena ku Kasungu koma achilendo kwa wokulira ku Ndirande. Zotsatira zake n'zodabwitsa: buku limene ziganizo zake ndi zachichewa kwambiri limaoneka lovuta kwa munthu amene Chichewa chake ndi cha m'tauni.

Palinso dzina la Chauta. Pamene Buku Lopatulika lili ndi Yehova, Buku Loyera lidaika Chauta, dzina limene makolo ankaitanira Mulungu wa mvula, lomwe limakumbutsa kachisi wa ku Msinja kumene Makewana ankatumikira. Kwa wophunzira chiyankhulo chisankhochi chili ndi nzeru: dzina lenileni la Mulungu m'Chihebri lidapeza dzina lenileni m'Chichewa, osati matchulidwe obwereka. Kwa akhristu ambiri a mipingo yachiprotestanti chidali chopunthwitsa, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene maguwa ambiri adakakamirabe buku lakale. Mkanganowu si wa kuvuta kapena kusavuta. Palibe Mmalawi amene samva liwu lakuti Chauta. Nkhani ndi yakuti liwu lingathe kumveka bwinobwino koma munthu osalilandira, ndipo buku limene munthu salilandira saliwerenga, kaya likhale losalala chotani.

Liwu la "chisomo" likutiphunzitsa zina. Akatswiri a kumasulira adaona kuti m'Chichewa cha makolo chisomo chinkatanthauza mwayi, kapena kaonekedwe kokopa kamene munthu amakhala nako, osati chifundo chopatsidwa kwa wosayenera. Akatolika adali ndi liwu lawo, "chaulere". Buku Loyera lidapewa onsewa m'malo ambiri n'kumafotokoza za kukoma mtima kwa Mulungu. Pa mfundo za kumasulira adakhoza. Koma taganizani: pofika 1998 liwu la chisomo linali litalalikidwa, kuimbidwa ndi kupatsidwa kwa ana ngati dzina kwa zaka zoposa 70. Baibulo lakale lidali litasintha kale chiyankhulo. Kwa munthu wa m'tchalitchi lero, chisomo ndi liwu lalifupi, lodziwika, lonyamula katundu yense, pomwe kukoma mtima kumamveka ngati khalidwe la mnansi wabwino wobwereketsa mchere. Apa ine ndikuona kuti Buku Loyera lidachiza matenda amene wodwalayo anali atachira kale. Mayina a mabukuwo akusonyezanso vuto lofanana: "lopatulika" likunena za chinthu choikidwa padera, "loyera" likunena za ukhondo kapena mtundu, ndipo palibe mwa awiriwa limene likukwanira lokha.

Chichewa Chalero lidadutsa njira ina, ndipo n'zosadabwitsa kuti achinyamata ambiri amaliona lofewa. Kalembedwe kake n'kofanana ndi ka m'nyuzipepala. Zakale limafotokoza ndi -na-. Yehova ali momwemo, chisomo chili momwemo, kotero kuti wochokera ku Buku Lopatulika samva kuti wasamuka mpingo. Kwa maso ndi buku losavuta ndithu. Dandaulo langa lili pa khutu. Mukaliwerenga mokweza, nthawi zambiri mumamva Chingerezi chikupuma pansi pa Chichewacho. Chizindikiro chosavuta kuchigwira ndi alowam'malo. M'Chingerezi mneni aliyense amafuna mlowam'malo wake. M'Chichewa wochita ali kale m'kati mwa mneni: "ndapita" n'chiganizo chathunthu, ndipo ndikati "ine ndapita" ndiye kuti ndikusiyanitsa, ine osati iwe. Buku likamaika "iye", "ine", "inu" patsogolo pa aneni motsatizana, limatsindika paliponse, ndipo pamene patsindikidwa paliponse malo ofunikadi kutsindika sadziwikanso. Kwa wophunzira wa sekondale amene amaganiza m'ziyankhulo ziwiri nthawi imodzi, kamangidwe kotere sikam'vuta, mwina n'kamene kamam'thandiza kumene. Kwa agogo ake akumvetsera pakhonde, n'kosalala koma n'kozizira.

Ndiye tikamati "chalero", cha lero cha yani? Cha m'minibasi ya ku Area 25 ku Lilongwe, cha m'misika ya ku Lusaka, cha ku Tete, kapena cha pa nkhani za wailesi? Pa manambala yankho lidapezeka kale: palibe amene amawerenga ndalama ndi makumi asanu ndi limodzi kudza mphambu zingapo, ndipo mabuku atsopano amachita bwino kulemba manambala akuluakulu m'zizindikiro kuti wowerenga awatchule momwe amatchulira masiku onse. Koma pa nkhani za m'nyumba, za mwamuna ndi mkazi, kulunjika kwa m'tauni sikungathandize. Buku limeneli limawerengedwa mokweza, apongozi ali pabenchi yakutsogolo, ana ali pamphasa. Womasulira amene wataya mawu ophiphiritsa pofuna kumveka msanga amam'siya wowerenga ali kakasi pa guwa, ndipo mtsogoleri wa mapemphero adzangolumpha vesiyo. Kunena mozungulira pa malo otere ndi gawo la galamala ya ulemu, ndipo chiyankhulo chamakono sichinaitaye.

Mukandikakamiza kuti nditchule dzina, ndinena motere. Kwa wowerenga yekha chamumtima, wokulira m'tauni, amene adazolowera mawu a m'tchalitchi chachiprotestanti, Chichewa Chalero chim'tsegulira chitseko msanga. Kwa wofuna kumva zimene Paulo akunena, kapena wowerengera anthu ena mokweza, Buku Loyera ndiye loyenera kulipirira masiku angapo mpaka ŵ ndi -daa- zitazolowereka, chifukwa minga yake ili pakhungu pomwe ya mabuku enawo ili m'mafupa a chiganizo. Buku Lopatulika musalitaye. Mavesi amene anthu adaloweza, mawu a m'nyimbo ndi mapemphero a akuluakulu zimachokera mmenemo, ndipo wophunzira mbiri ya Chichewa cholembedwa alibe nkhokwe ina yaikulu ngati imeneyo.

Koma musangomvera ine. Masiku ano mabukuwa amapezeka pafoni, pa pulogalamu monga YouVersion, ndipo kuwaika pambalipambali sikulira ndalama zambiri. Musayese ndi vesi imene aliyense adaloweza, chifukwa zolowezedwa zimamveka zosavuta nthawi zonse, ngakhale zisakumveka. Sankhani nkhani imodzi, monga Marko 5, ndi ndime imodzi ya chiphunzitso, monga Aroma 3 kapena Aefeso 1. Pezani anthu awiri osiyana msinkhu, wina wa kumudzi wina wa m'tauni, asaone tsamba. Werengani mokweza kamodzi kokha, pa liwiro la m'tchalitchi, kenaka muwapemphe akufotokozereni m'mawu awoawo. Musawafunse ngati amva, pakuti mwaulemu onse ati eya. Afunseni kuti wachita ndani, wachitira yani, chifukwa chiyani. Inu lembani pamene mpweya unakutherani, pamene munabwereza mzere, ndi pamene womvera wanu anayankha molimba mtima chinthu chimene m'ndimemo mulibe. Mukafika pa Marko 15:33, afunseni kuti mdimawo unagwa nthawi yanji.